Jekete la a Longwe

Kapitawo wathu, a Msowoya, anandipeza pabedi kuchipatala, dzanja langa lamanja litakulungidwa ngati khanda. Anaika nthochi pakabati n'kukhala pansi osandiyang'ana m'maso.

"Wongani, mwawuka uli?"

"Ndadzuka ndi zala ziwiri, bwana. Zitatu zinatsala ku Masasa."

Sanaseke. Anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola. "Mphwanga, pali kavuto pang'ono. Kuofesi akuti Lachinayi lija iwe unali pa ofu. Ndiye akufunsa kuti pa lole unkatani."

"Mwawayankha chiyani?"

"Ndati sindikudziwa."

Ife ndife antchito a boma otola zinyalala mumzinda wa Mzuzu, ndipo tili ndi kachitidwe kathu komwe sikanalembedwe paliponse. Munthu ukaferedwa, tchuthi sichituluka msanga. Pempho lako limayenda kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo, podzavomerezedwa mtembo aika kale. Ndiye mnzako amene ali pa ofu amavala jekete lako, lija lonyezimira lokhala ndi nambala kumsana, n'kukwera lole m'malo mwako. Bwana wamkulu akamadutsa pa galimoto yake amawerenga manambala, nkhope zathu alibe nazo ntchito. Woferedwayo pobwera amatenga kanthu kumudzi, usipa kapena ufa wa kondowole, wina wa amene anamugwirira ntchito, wina wa kapitawo. Ndinazipeza zili choncho.

Sabata imeneyo a Stanford Longwe anataya mchemwali wawo ku Nkhata Bay. A Longwe ndi munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, anali atatsala pang'ono kupuma pantchito. Ndi iwo anandiphunzitsa kukola unyolo wa lole pa bini, chidebe chachikulu cha zinyalala. Anafika kwathu ku Salisbury Lines mvula ikugwa, jekete lili m'jumbo. Sindinafunse n'komwe, ndinangolandira.

Lachinayi tinali pafupi ndi msika wa ku Masasa, pamalo otsetsereka, matope mpaka m'akakolo. A Msowoya eni akewo ndiwo anandikuwira kuti, "Wongani, kola mbali iyo!" Bini inaterereka, unyolo unakoka mkono wa jekete, mkono wa jekete unakoka dzanja. Ndimakumbukira phokoso lake, ngati munthu akuthyola nzimbe pabondo. Ndimakumbukiranso kuti asanandikweze mu lole, anzanga anayamba andivula jekete lija. Nthawi imeneyo ndinkayesa akufuna ndipume bwino.

"Mwati simukudziwa," ndinatero. "Dzina langa munakuwa lija linali la ndani?"

"Tsitsa mawu, muli odwala muno." A Msowoya anasendeza mpando. "Tamvera. Ukanena kuti unkagwirira a Longwe, iwo awachotsa ntchito chifukwa chojomba, penshoni yawo yapita. Inenso ndapita. Koma ukangoti unapempha matola, kenako unafuna kuthandiza anzako, palibe amene avulale."

Ndinakweza dzanja lija mpaka pamphuno pawo. "Palibe amene avulale?"

"Gulu lisonkha kangachepe, mphwanga."

Nthochi zija zinawapeza kumsana akutuluka pakhomo. Nesi anandikalipira, ndipo ndinapepesa nesiyo yekha.

Sukulu ndinasiyira fomu 2, koma kuwerenga sindinasiye. Nditatuluka m'chipatala ndinakhala pakhonde ndi foni, chala cha kumanzere chikuphonyaphonya zilembo, mpaka ndinamvetsa nkhani yanga. Wovulala ali pantchito amayenera chipukuta misozi. Wokwera matola amayenera pepani. Ndipo munthu wa zala ziwiri sakolanso unyolo. Akavomera kuti ndinavulalira pantchito, mwina akanandisamutsira ku ntchito yopepuka. Akakana, ndinali wongodikira tsiku loti andiuze kuti ndizipita. Mkazi wanga Mwawi anali woyembekezera, mimba itafika poti sangawerame kumanga nsapato.

Ndinapita ku ofesi yoona za ovulala pantchito. Kumeneko ndinapeza Mayi Chimbalanga, mayi wa kumwera, wolankhula Chichewa chosalala ngati cha pawailesi. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Bambo Gondwe, ndakumvani. Koma mabwana anu akuti simunali pantchito, ndipo mawu anu okha sakukwanira. Ndibwera ku depoti kwanu Lolemba ndidzamve aliyense. Pezani mboni."

Mboni. Anthu onse amene anaona magazi anga anali atasiya kuyankha foni.

Loweruka ndinakwera kabaza kupita ku Mzilawaingwe, kwa a Longwe. A Longwe sanabwere kuchipatala ngakhale kamodzi, anangotumiza usipa. Ndinawapeza atakhala pa kampando kuseri kwa nyumba, akusoka nsapato ya mwana. Akazi awo, amama Nyamphande, ankachapa chapafupi.

"Odi."

"Wongani, mwana wane. Fika. Amama, mpando."

"Sindikhala, adada. Lolemba mukanena chiyani?"

Anabaya singano mu nsapato, n'kuyisiya momwemo. "Ana a mchemwali wanga uja tsopano ali pamutu panga. Ukuwaona awo akusewera apo. Ndikachotsedwa ntchito lero, zaka zonse ndanunkha zinyalala zija ndatayira m'madzi."

"Ine ndataya chiyani?"

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Tayesani kumanga batani la malaya ndi dzanja limodzi. Lamulungu mumaima kutsogolo kwa mpingo kuphunzitsa anthu za kukonda mnzako, koma kuchipatala kunakutalikirani. Ndinavala jekete lanu kuti mukaike m'bale wanu mwaulemu. Lero mukufuna ine ndiikidwe wamoyo?"

Anakoka singano ija n'kuyambiranso kusoka.

"Jekete lili kuti?"

"Linatayika."

Amama Nyamphande anasiya kuchapa. Sanatembenuke, koma manja awo anaima m'beseni.

"Usipa wanu uja ndinapatsa galu wa aneba," ndinatero, n'kutembenuka.

Ndisanafike pamsewu ndinamva mapazi kumbuyo. Anali amama Nyamphande, thovu lili m'manja.

"Iwe mwana, pakamwa pako pamatentha chomene. Adada ako aja sakudya."

"Ine ndikudya ndi supuni, amama, ngati mwana."

Anapukuta manja pachitenje. "Joel, dalaivala wanu, anabwera nalo jekete lija kuti tiliwotche. Ine ndinakana. Kwathu sitiwotcha chinthu chili ndi magazi a munthu wamoyo. Ndinalichapa, ndinalipinda."

"Ndipatseni."

"Si langa."

"Amama, chonde."

"Ndati si langa. Pita, mvula ikubwera iyi."

Lolemba kunacha ndi mvula yowaza, ija ya ku Mzuzu yosadziwa kusiya. Anatisonkhanitsa mu shedi ya malole. Mayi Chimbalanga anakhala pa tebulo lomwe makaniki amaikapo masipanala, bwana wamkulu ali pambali pawo ndi ambulera pamiyendo. Gulu lonse linaima m'mbali mwa khoma, aliyense m'jekete lake. A Longwe panalibe.

Mayi Chimbalanga anayamba ndi Joel.

"Ine ndimayang'ana kutsogolo, amama. Za kumbuyo kwa lole sindiziona."

"Nanga amene munathamangira naye kuchipatala munamutenga kuti?"

"Ndinangomva kuti pali wovulala."

Kenako Temwani, mtsikana amene tinalowa ntchito limodzi, amene ndinkagawana naye chimanga chootcha pa nthawi yopuma. Analankhula akuyang'ana nsapato zake. Anati anali mbali ina ya bini.

A Msowoya anakonza kukhosi. "Mnyamatayu ndi wolimbikira ntchito, amayi, sindinganame. Koma tsiku limenelo anali pa ofu. Mwina anakwera matola ine osaona. Ndinangomva kukuwa."

"Gulu linali lokwanira?"

"Lokwanira. Abwana anadutsa m'mawa, manambala onse anawaona."

Bwana wamkulu anagwedeza mutu. "Zoona. Ndinaona ndekha."

"Munaona misana!" Mawu anatuluka ndisanawaganize. "Zaka zonsezi mumawerenga misana ngati ng'ombe za pa dibi. Tatchulani dzina la munthu mmodzi pano, mmodzi yekha!"

"Bambo Gondwe," anatero Mayi Chimbalanga.

Koma ine ndinali nditafika kale pamaso pa a Msowoya. Ndinamenya chidebe cha oyilo ndi phazi, chinagubuduka mpaka pansi pa lole. "Nenaninso kuti simunandione. Nenani mukundiyang'ana!"

Joel anandigwira paphewa. Ndinamukankha ndi chigongono.

"Bambo Gondwe!" Mayi aja anaimirira. "Mukakhudza munthu pano, nkhaniyi ichoka m'manja mwanga ipita kupolisi, ndipo kumeneko za zala zanu sakafunsa. Khalani pansi."

Ndinakhala pa tayala. Dzanja linkagunda mkati mwa bandeji ngati lili ndi mtima wakewake. Mayi aja anafunsa ngati pali wina wofuna kuwonjezera. Anadikira, n'kuyang'ana nkhope imodzi imodzi, kenako anatseka cholembera n'kutsegula chikwama. Ndinaganiza za Mwawi, mmene anandimangira mabatani m'mawa uja.

"Odi, odi. Pepani ndachedwa."

A Longwe anaima pakhomo la shedi, madzi akutsika pachipewa. Anali atavala jekete lija. Mkono wamanja unathera pachigongono, ulusi uli lendelende, ndipo pachifuwa panali banga lofiirira lomwe sopo analikanika.

"Adada," anatero a Msowoya motsitsa, "chonde, ganizani bwino."

"Ndaganiza, a Msowoya. Ndaganiza mpaka mutu ukupweteka."

Mayi Chimbalanga anatsegulanso cholembera. "Ndinu ndani, bambo?"

"Stanford Longwe, amama."

"Lachinayi la ngozi lija munali pantchito?"

"Jekete ili ndi limene linali pantchito. Ine ndinali kumanda ku Nkhata Bay, kuika mchemwali wanga." Anakweza mkono. M'nsanza zija munatuluka dzanja lathunthu, zala zonse zisanu. "Unyolo unadya mkono wa jekete, koma langa dzanja ili. Muone nokha amene analimo."

Mayi Chimbalanga analemba, n'kudzutsa mutu.

"Kapitawo ankadziwa?"

A Longwe anayang'ana a Msowoya. "Usipa wawo analandira, amama. Ndi mmene timachitira."

Bwana wamkulu anaimirira, ambulera inagwa pansi. "Longwe, ukudziwa zimene wanenazi? Ukuvomera kuti unajomba n'kunamiza ofesi?"

"Yewo, bwana. Dzina langa mwalidziwa lero."

Ndinadzuka pa tayala paja kuti a Longwe akhalepo, koma anakana ndi mutu, n'kuimabe mpaka mayi aja atamaliza kulemba.

Nkhani yanga inavomerezedwa kuti ndinavulalira pantchito. Dokotala anayeza dzanja, za chipukuta misozi zikuyenda, ndipo anandisamutsira pa geti la depoti. A Msowoya anawatsitsa udindo, tsopano akukola unyolo. A Longwe anawaimitsa ntchito, za penshoni yawo akuti akuluakulu akukambirana. Majekete masiku ano amagona mu sitolo, ndipo m'mawa aliyense amalandira lake bwana akumuyang'ana kumaso.

Mwezi watha bambo ake a Temwani anamwalira ku Rumphi. Panalibe womugwirira ntchito. Anapempha tchuthi, chinatuluka maliro ataikidwa. Tsiku lomwe anabwerako anaima pa geti panga, maso ali otupa.

"Wakhuta tsopano?"

Ndinafuna kumufunsa kuti zala zanga zinali za gulu kodi, ndinafunanso kumuuza kuti wolakwa ndi amene amakhalira pempho la maliro pa tebulo. Koma anali atavala duku lakuda. Ndinangotsegula geti. Joel akamadutsa saimbanso hutala.

Loweruka ndinapitanso ku Mzilawaingwe. Mayi Chimbalanga anati nkhani ya a Longwe si ya ofesi yawo, koma anandiuza khomo loyenera kugogoda, ndiye ndinkafuna tikapite limodzi. A Longwe ndinawapeza akulima kuseri kwa nyumba, ataonda, thalauza atamanga ndi chingwe.

"Adada, Lolemba muvale bwino. Tikupita kukafunsa za penshoni yanu."

"Iwe ukakamenya zidebe za anthu kumeneko."

"Ndikakhala pansi."

"Hmm." Anatsamira khasu. "Mwawi ali bwanji?"

"Masiku ake ayandikira." Ndinayang'ana kumbali. "Usipa uja sindinapatse galu. Tinadya."

"Ndikudziwa, mwana wane. Ku Salisbury Lines ndi galu uti amadya usipa?" Anandilozera mzere wotsatira. "Tenga mbewu izo. Kuponya m'phando zala ziwiri zikwana."