Penti wa Namwino

Amuna anga ndi openta nyumba, ndipo chilichonse chonyowa amafuna achiyese ndi chala. Tsiku lomwe anatsetsereka pa makwerero, lata n'kuwang'amba mwendo, ndinawakokera kuchipatala ndikukalipa njira yonse. Achimwene awo anathira petulo pa bala ngati lomweli, ndipo lero amayenda ndi mwendo umodzi.

Namwino anatsuka balalo ndi madzi oyera. Kenako anafunsa ngati mankhwala a ayodini anawatulutsapo zidzolo, kapena ngati ali ndi vuto la chithokomiro. Amuna anga atakana, namwinoyo ananyika thonje m'mankhwala ofiirirawo. Anayambira m'mbali mwenimweni mwa bala, akuzungulira pang'onopang'ono kupita kunja, osabwereranso pomwe wadutsa. Atatha, thonjelo analitaya.

Amuna anga, amene sakhala chete ngakhale pamaliro, anangoti kukamwa yasa.

"Waona? Dzanja lake silibwerera m'mbuyo," anandinong'oneza.

"Tidikire aume ndisanasoke," anatero namwino. "Panopa ndiye akupha tizilombo."

Pomwepo chala cha amuna anga, penti ali tho m'chikhadabo, chinanyamuka kukayesa ngati pauma. Namwino anachiwakha m'malere.

"Bambo, chala chimenechi chagwira zingati lero?"

Amuna anga anachiyang'ana ngati si chawo, n'kuchibisa m'khwapa. Tonse tinaonerera khungu lofiiriralo likusiya kunyezimira.

"Mayi a ana," anatero motsitsa mawu, "ine ndimapenta kuti eni nyumba asangalale. Awa akupenta kuti mwendo wangawu ndibwerere nawo kunyumba."