Dzina la Gilibati m'Buku la Polisi

Gilibati anamwalira Lachiwiri m'mawa, mu Okutobala wa 1995, dzuwa likuwotcha ngati lili ndi chifukwa ndi anthu a ku Mitundu. Sajeni Aubrey Kamwendo anamutseka maso yekha, n'kumumanga chibwano ndi kansalu, kenaka anavala yunifolomu n'kupita kuntchito kukapempha galimoto. Kwawo kwa malemuyo kunali kuseri kwa Nathenje, ndipo ndi kutentha kumene kunalipoko thupi silikanapirira ulendo wautali. Aubrey ankafuna chinthu chimodzi basi, choti mayi ake a Gilibati akaone nkhope ya mwana wawo isanasinthe.

Pa Mitundu ankamudziwa Gilibati ngati telala wa pakhonde la golosale. Ankadziwanso kuti amakhala kwa Sajeni, ndipo ankati ndi msuweni wake. Msuweni wake uti wokhala naye chipinda chimodzi zaka khumi ndi chimodzi? Kudziwa ankadziwa onse, kungoti mathalauza awo akang'ambika ankafuna wowasokera bwino, ndiye pakamwa ankatseka.

Pa polisi yaing'ono imene Aubrey ankagwira panali lamulo lake la maliro. Wapolisi akaferedwa mkazi, mwana kapena kholo, ofesi inkatulutsa Landirova, bokosi, ndi apolisi anayi okanyamula. Woyendetsa zonsezi anali Aubrey yemweyo. Maliro khumi ndi anayi anawathamangira mwamunayu, kukadzutsa akalipentala, kukankha galimoto m'matope, kusenza mabokosi a akazi a anzake mpaka phewa kuchita chikanga. Lero linali tsiku lake.

Anapeza mkulu wa polisiyo, Insipekitala Chimwaza, akutafuna nzimbe mu ofesi, zotsalira akulavulira m'dengu la mapepala. Ntchentche zinali zitapeza kale phwando.

"Pepani Sajeni, tamva," anatero a Chimwaza, madzi a nzimbe akutsikira kuchibwano. "Anali telala wabwino. Jekete langa lija anamaliza?"

"Ndabwera kudzapempha galimoto, bwana."

"Msuweni mulibe m'lamulo, mukudziwa inu nomwe." Anamukankhira fomu ndi chigongono. "Koma ndife anthu. Lembani apo kuti Patricia Kamwendo, mkazi wanu. Bokosi likakhomedwa ndani akatsegule? Galimoto mutenga pompano, mafuta alimo."

Aubrey anaiyang'ana fomuyo. Njira imeneyi ankaidziwa bwino, poti chaka chathacho iye yemwe analemba mayi wina wogulitsa mowa ku Nathenje ngati mkazi wa bwanayu, mkazi weniweni ali moyo, akuchapa zovala kuseri kwa ofesi. Analemba ndi dzanja lake, n'kukanyamulanso bokosi. Chibwenzi cha miyezi isanu chinapita kumanda pa Landirova ya boma, ndi dzina lake lenileni. Koma Gilibati, amene anamusamalira atathyoka mwendo pothamangitsa mbava za ng'ombe, amene ankamusitira yunifolomu imene wavalayi, akwere galimoto pokhapokha atasanduka Patricia, mkazi wongopeka.

Aubrey anatenga cholembera. Pa dzina la malemu analemba kuti Gilibati Sandalamu. Pa mzere wofunsa ubale anaima pang'ono, kenaka analemba kuti mwamuna wanga.

A Chimwaza anawerenga, nzimbe n'kuimira m'kamwa. Anadzuka n'kukatseka chitseko.

"Mwapenga kodi, Sajeni? Pepala ili palokha ndi mlandu. Zaka khumi ndi zinayi m'ndende, ndipo lamulolo mumalidziwa pamtima."

"Ndimalidziwa, bwana. Ndikudziwanso kuti maliro a anzanga onse ndanyamula ndine. Sindikupempha chachilendo. Ndikupempha zimene aliyense pano amalandira akaferedwa wa m'nyumba mwake."

"Wa m'nyumba mwake! Musandinyanse."

"Chaka chathachi tinayang'anira mavoti limodzi, bwana. Munkati tsopano kwabwera ufulu wa aliyense."

"Ufulu wa anthu, osati zimenezi." A Chimwaza anang'amba fomuyo kanayi n'kuiponya m'dengu, pamwamba pa malovu awo. "Ndakuchitirani chifundo, sindinawerenge kanthu. Ndikupatseni ina mulembe Patricia?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye galimoto ili ndi ntchito ina lero."

Aubrey anatuluka osachita sawasha. Edina, mlongo wake wa Gilibati, anali akudikira pansi pa mtengo wa mango panja, ndipo atangoona nkhope yake anadziwa. Mayiyu ndi yekhayo pa abale onse amene ankamutchula Aubrey kuti alamu, ngakhale ankatero motsitsa mawu.

A matola onse anakana, ati maliro m'galimoto yonyamula anthu amathawitsa makasitomala. Pofika masana anapeza ngolo ya mlimi wina wa fodya, ng'ombe zake ziwiri zowonda nthiti kuwerengeka. Bokosi anakhoma kalipentala wa pamsika ndi matabwa aawisi. Anayalapo chitenje, nauyamba ulendo wa ku Nathenje pa msewu wafumbi, Aubrey akuyenda pambali atagwira bokosilo kuti lisamagunde.

Msewu umenewo pa galimoto ndi ola limodzi. Pa ngolo ndi chilango. Ng'ombe zinkaima paliponse pamene pali mthunzi, mwini wake n'kumazitukwana mayina. Dzuwa litapendeka ntchentche zinayamba kutsatira, poyamba ziwiri zitatu, kenaka gulu. Edina anathyola nthambi n'kumaziingitsa, uku akuyang'ana kumbali kuti mlamu wake asaone kuti wagwira mphuno. Aubrey anaona. Ankayenda akudzifunsa ngati sanalakwe, ngati dzina la papepala linali loyenera zonsezi. Akanangolemba Patricia bwenzi pano afika kalekale. Koma akaganiza zoti munthu amene anabisika moyo wake wonse abisikenso pa ulendo wake womaliza, mtima unkakana.

Ali pakati pa ulendo anamva kulira kwa injini kumbuyo. Inali Landirova ya polisi ija, itadzaza matumba a makala ochokera ku Dzalanyama mpaka pamwamba, ikupita kunyumba imene a Chimwaza ankamangira mayi wina watsopano ku Nathenje. Ntchito ina ija inali imeneyi. Dalaivala, munthu amene Aubrey anamuikira mwana chaka chomwecho, anachepetsa liwiro, anaona bokosi, anaona Sajeni, kenaka maso anawabweza kutsogolo n'kuponda moto. Fumbi lonse linatera pa chitenje cha maliro. Aubrey analipukuta ndi chipewa chake cha boma.

Ng'ombe zitatopa anagona panjira, kwa wachibale wa mwini ngoloyo, ndipo kumudzi anafika Lachitatu dzuwa litakwera. Adzukulu okumba manda atangonunkhiza anagwirizana kuti bokosi lisatsegulidwe. Mayi ake a Gilibati, nkhalamba yosaona bwino, anakwawira pabokosipo n'kumapapasa matabwa, akupempha kuti angomukhudza pamphumi pokha. Anawachotsa mwaulemu. Mwana wawo anapita osamuona.

Kumanda malume a malemu anaimirira n'kuthokoza boma potumiza wapolisi wa yunifolomu kudzaperekeza telala wamba. Anthu anavomera ndi mitu. Poika nkhata anaitana mayi, alongo, a mpingo, amalonda anzake a pamsika, ndipo pomaliza anati woimira apolisi. Aubrey anaika nkhata yake ngati mlendo, n'kubwerera kumbuyo kwa anthu. Kulira kumene akanalira anakumeza.

Lachisanu m'mawa analowa ntchito pa kauntala. Pamenepo pamakhala buku lalikulu la zochitika, limene apolisi amalembamo chilichonse chochitika pa siteshoni. Masamba ake ali ndi manambala, ndipo kung'amba tsamba limodzi ndi mlandu wochotsetsa munthu ntchito, chifukwa akuluakulu ochokera ku Lilongwe amawerenga masambawo akabwera. Ngakhale cholakwika sichifufutidwa. Umangodula ndi mzere umodzi kuti mawu azionekabe, n'kusayina pambali. Zimenezi Aubrey anaphunzitsa apolisi atsopano kosawerengeka.

Anatsegula tsamba la tsikulo n'kulemba bwinobwino, osathamanga. Analemba kuti Lachiwiri Sajeni Kamwendo anapempha galimoto ya maliro a mwamuna wake, Gilibati Sandalamu, amene anakhala naye zaka khumi ndi chimodzi. Analemba kuti anauzidwa kuti asinthe dzinalo likhale la mkazi, ndipo anakana. Analemba kuti galimotoyo inakanyamula makala, ndi kuti mayi a malemu sanaone nkhope. Anasayina, n'kuyembekeza inki iume. Ankadziwa kuti mwina walemba chikalata chomuchotsa ntchito, mwinanso chomutsekera, ndipo mantha anali nawo ndithu.

A Chimwaza anafika cha m'ma naini, n'kukoka bukulo monga mwa masiku onse kuti asayine. Anawerenga, khosi n'kutupa. Zala zawo zinagwira pakona pa tsambalo, zinaona nambala, zinasiya.

"Sajeni, fufutani izi."

"Sitifufuta, bwana. Ngati ndalemba bodza, dulani ndi mzere umodzi, musayine pambali."

Bwanayo anayang'ana kukhomo, anayang'ana apolisi awiri amene ankanamizira kusesa pakhonde. Kenaka anatenga rula ndi cholembera chofiira n'kudula mizere yonse umodziumodzi, mpaka thukuta kudontha pa kauntala. Atamaliza anasayina pambali, monga lamulo linenera.

Aubrey anatembenuza bukulo n'kuliyang'ana. Pansi pa mzere wofiira uja mawu onse ankawerengeka. Gilibati Sandalamu, mwamuna wake. Ndipo pambali pake panali siginecha ya Insipekitala, ndi deti lomwe.