Misomali Yopanda Mbale

Nditatuluka m'chipatala ku Nevers, kumene anandiika chitsulo m'chiuno, ndinkangofuna kukhala pampando wanga n'kumayang'ana khoma. Pakhomapo pamakhala mbale zadothi khumi ndi zinayi, zakalekale, zojambulidwa pamanja. Zambiri ndinazitola m'misika ya zinthu zakale. Imodzi yokha ndi ya kumtundu. Anaiumbira agogo a agogo a agogo anga, Étienne Gaudry, amene ankayendetsa bwato la mchere pamtsinje wa Loire. Pali dzina lawo, chaka cha 1788, nangula wachikasu, ndi Nikola Woyera atakweza dzanja. Inasweka pawiri ine ndisanabadwe, ndipo wosoka mbale wina anaiboola timabowo n'kuilumikiza ndi timawaya tisanu ndi tiwiri.

Makiyi ndinasiyira mwana wanga Thibaut chifukwa panalibe kuchitira mwina. Mkazi wake, Solange, sindinamukhulupirirepo. Kwawo ndi ku Lille, amakonda nyumba yoyera ngati chipatala, ndipo tsiku loyamba kufika kwathu anafunsa ngati mbalezo timadyeramo.

Thibaut atatsegula chitseko, fungo la jiki linandilasa m'mphuno. Ndinayang'ana khoma. Misomali khumi ndi inayi, mbale palibe.

Aliyense wosunga mbale zotere amadziwa zimene jiki amachita. Amalowera m'timing'alu n'kukakhala m'dothi. Lero mbale yayera mbee, mwini wake akusekerera. Pakatha miyezi, khungu lonyezimira lija limayamba kusupuka ngati mamba a nsomba, zojambula n'kupita nalo limodzi.

Solange anatulukira kukhitchini akupukuta m'manja.

"Mbale zanga zili kuti?" ndinamufunsa.

"Takhalani pansi kaye, bambo."

"Ndakhala pansi milungu itatu. Mwaziviika?"

Solange anayang'ana mwamuna wake. Thibaut anayang'ana chikwama changa chimene ananyamula, ngati n'kuyamba kuona chikwama.

"Imodzi," anatero Solange.

"Iti?"

"Afunseni achiukhondowa."

Thibaut anakanda m'khosi. Munthu wa zaka makumi anayi, wadazi kale, koma ataima ngati mwana wolakwa. "Ndimafuna mudzapeze zikuwala, bambo. Zinada ndi utsi. Ndiye ndinayambira yokongola kwambiri ija."

Yokongola kwambiri. Ndinakhala pampando wanga uja. Mbale ya Étienne inapulumuka madzi osefukira, inapulumuka nkhondo ziwiri amayi anga ndi agogo ataikwirira m'utuchi, lero n'kudzathera m'beseni la jiki la munthu amene ndinabereka ndekha.

"Bweretsani ndiione," ndinatero.

Solange analowa kukhitchini n'kubwera nayo pansalu. Sinali ya Étienne. Inali ya tambala wofiira.

Tambala ameneyu ali ndi mbiri yake imene sindinauzepo munthu. Ndinamugula ku Cosne kwa bambo wina wa ndevu zopotana, amene analumbira pamanda a amayi ake kuti mbaleyo ndi ya nthawi ya mafumu. Patatha chaka ndinaiyang'anitsitsa padzuwa, n'kuona kuti m'mphepete anachita kuipala dala kuti ioneke yokalamba. Ndi ya dzanadzanali. Ndinaisiya pakona pamwamba kuti izindikumbutsa za anthu olumbira. Mitundu yake imawala kuposa zonse, ndiye mwana wanga, wokulira m'nyumba muno, anaona kuti yokongola ndi imeneyo.

Ndinafuna kuseka, koma ndinadzigwira.

"Nanga zinazo?"

"Ndinawapeza atanyamula ya nangula ija, akulunjika nayo kubeseni," anatero Solange. "Ndinakuwa mpaka galu wa aneba anayankha."

"Anandimenya ndi chopukutira mbale," anadandaula Thibaut.

"Chinali chonyowa, mwayi wako."

Anapisa m'thumba la diresi n'kutulutsa kiyi wa kabati ya kuchipinda. Anati anazitsitsa zonse tsiku lomwelo, n'kuzikulunga m'majuzi anga, kiyi n'kumayenda naye mpaka kuntchito, kuopa kuti mwamuna wake angadzabwerenso ndi nzeru zina.

"Inu munadziwa bwanji za jiki?" ndinafunsa.

"Bambo, Khirisimasi khumi ndi ziwiri mwakhala mukulalikira zomwezo patebulo. Mwana wanuyu amakhala akusewera ndi foni. Mumayesa amamva ndani?"

Ndinamuuza kuti akazitenge. Anazibweretsa imodziimodzi, ine n'kumaiimika pazala ndi kuigogoda ndi chikhadabo. Mbale yabwino imalira ngati kabelu, ya mng'alu imangoti phwa. Zonse zinalira. Ya Étienne inabwera pomaliza, m'juzi langa labuluu. Imeneyo silira, sinalirepo chisokereni. Ndinawerenga timawaya kumbuyo. Tisanu ndi tiwiri. Ndinainunkhiza. Fumbi ndi utsi basi, fungo lake la masiku onse. Ndinaiika pamiyendo.

"Tambala uja asupukadi?" anafunsa Thibaut ndi mawu apansi.

"Asupuka."

"Anali wakale kwambiri?"

"Usandifunse, mtima ungandipweteke," ndinatero. Solange anandiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pake pakugwedera. Ndikuganiza kuti mkazi ameneyu amaona zambiri kuposa zimene amanena, ndipo zimenezo sizindisangalatsa kwenikweni.

Panatsala kuzibwezera pakhoma. Zaka makumi anayi palibe anakwerapo makwerero a m'nyumba muno koma ine, koma adokotala anandiletsa ngakhale kuwerama. Thibaut anatambasula manja.

"Iwe gwira makwerero," ndinamuuza. "Manja onse awiri."

Mbale ya Étienne ndinapatsira Solange.

"Msomali wapakati. Nangula aloze pansi."

"Ndikudziwa, bambo."

"Kumanzere pang'ono."

"Yawongoka kale."

Inali itawongokadi, koma ndinamuuza kuti aisunthebe.