Nkhuti ya a Gresham ku Landover

Pa bwalo la ndege la Chileka, mu 1969, a Gresham analonjeza bambo awo kuti iwo, mwana wa ku Tsangano, sadzagula mbatata ya kachewere m'sitolo, ngakhale kwa azungu.

Zaka zonse zimene anakhala m'nyumba zosanja za ku Arlington, akugwira ntchito ku banki, ankangodya mpunga. Atagula nyumba ku Landover mu 1982, anagalauza kapinga wakuseri, nabzala. Mbatata inabereka. Mu Okutobala anakumba nkhuti monga kwathu: dzenje lofika m'mawondo, phulusa pansi, mbatata, phulusa pamwamba, kenako dothi.

"Bambo a Dyna, chipinda chapansi chili mbee," anatero akazi awo, a Edness.

"Mbatata sigona m'nyumba ngati mlendo."

Mpingo wonse anauitanira chakudya cha pa Nyuwere, kuti udzalawe mbatata yolimidwa ndi munthu woidziwa. Tinkaitanana choncho masiku amenewo, poganiza kuti kwathu kukutidikira.

Tsikulo m'mawa a Gresham anatuluka ndi khasu lochokera ku Ntcheu, atavala majasi awiri. Anatema kamodzi. Khasu linalira ngati belu n'kudumpha. Nthaka inali itauma gwa ndi chisanu.

Mlamu wawo wa ku Lusaka, a Fryson, anaima pakhomo ndi kapu ya tiyi.

"Mulamu, mwasunga bwino maningi. Olo kawalala sangabe. Olo imwe bene."

"Khalani chete, inu. Kwanu mumalima chiyani, kopa?"

Anathira madzi owira a m'ketulo. Madziwo anaundana pomwepo, a Gresham n'kuterereka, n'kukhala pansi pa nkhuti yawo. Anakolezapo makala. Patapita nthawi dothi linafewa pang'ono, iwo anapisa dzanja natulutsa mbatata imodzi. Ataifinya inatuluka madzi, ngati siponji.

"Alendo akufika wani koloko," anatero a Edness pawindo. "Nkhuku yapsa. Ndiwauze kuti mbatata yatani?"

A Gresham anatembenukira kwa mlamu wawo.

"Afulayisoni, galimoto yanu ili ndi mafuta?"

"Sitolo ili apa pafupi, mulamu."

"Apa amandidziwa."

Anawoloka mtsinje mpaka ku Alexandria. Kumeneko a Gresham anagula matumba awiri a mbatata ya ku Idaho.