Azakhali Atabwera Kudzandiluka Tsitsi

Bambo anga amakonza nthawi zonyamukira ndege pa kampani yaing'ono, ya ndege zitatu zokha. Azakhali, alongo awo, amagulitsa matikiti ku kampani yaikulu imene ikuwalanda makasitomala. Ndiye kwathu nkhani za kuntchito amachita kunong'ona.

Koma ine makutu anga ndi aatali. Lachitatu ndikutsuka mbale, ndinamva bambo akuuza mayi kuti kuyambira mwezi wamawa ndege yawo yam'mawa izinyamuka ya kampani yaikulu ija isananyamuke, kuti azitenga anthu othamangira misonkhano. "Anzathuwo akadziwa msanga asintha nawonso, ndipo ine ntchito yatha," anatero.

Loweruka azakhali anabwera kudzandiluka tsitsi. Ndinakhala pansi, mutu uli pamaondo pawo.

"Iwe wailesi, wazima bwanji lero? Bambo ako akuweruka mochedwa masiku ano, akukonza chiyani kuofesi?"

Abale, lilime linandiyabwa! Nkhani inali pakhosi penipeni. Kukhala chete sindimatha, ndiye ndinayamba ya mwana wa alandilodi amene wabweza mphete ya chinkhoswe. Kenaka ndinalowa ya aphunzitsi a masamu ndi wigi yawo imene inagwa akufufuta pabolodi.

"Ndafunsa za ndege ine, mwana iwe."

"Dikirani azakhali, ya wigiyi sinathe."

Anandikoka tsitsi mpaka misozi, koma ine osasiya. Atamanga chingwe chomaliza anandipatsa galasi, akuseka.

"Wakula, mwana wa achimwene. Za ndegezo zikhale. Koma tandiuze, mpheteyo anabweza chifukwa chiyani?"