Dzina Limene Anamupatsa ku Ofesi

Jeremiah anatsika minibasi ku Chinsapo akumwetulira. Ku kampani kumene ankayendetsa galimoto ya bwana, anyamata a mu ofesi anali atamupatsa dzina lachizungu, ndipo aliyense akalitchula ankaseka.

"Masiku ano akunditchula kuti bootlicker," anauza mwana wake Elube, wa Fomu 4, yemwe ankachapa yunifolomu pakhonde. "Ndi udindo wanji umenewu?"

Elube anangozyolika, manja ali m'beseni.

"Yankha, iwe! Kusukuluko umakatani?"

"Adadi, ndiye kuti munthu wonyambita nsapato za bwana."

Jeremiah anakhala pansi pang'onopang'ono. Anakumbukira mmene amathamangira kukatsegulira bwana chitseko cha galimoto, mmene amasekera nthabwala zosaseketsa, ndi "inde bwana" wake uja amene amatuluka bwanayo asanamalize n'komwe kulankhula. Masana omwewo anali atawathokoza anyamata aja chifukwa cha dzinalo, mpaka kuwomba m'manja.

"Mawa musapiteko, Adadi," anatero Elube.

Bamboyo anayang'ana yunifolomu ija.

"Ndipita," anatero. "Chizungu wandimasulirachi ndinakugulira ndi lilime lomweli. Ukatha apo undisitire shati yoyera ija. Bwana amaikonda."