Phazi la a Vastadi Dagadu

Masiku ano Tanaji amathamanga pa makina, m'kachipinda kozizira ka pachipatala chimene amagwirako ntchito ku Pune, ndipo amadana nazo kwabasi. Munthu umathamanga theka la ola n'kutsikira pomwe unakwerera. Thukuta lake lenileni analisiya ku Kolhapur, m'talimu, nyumba ya ogwetsana imene anakuliramo kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Pakati pa talimuyo panali dzenje la dothi lofiira, lofewa ngati ufa. Dothilo ankachita kulidyetsa. Mwezi ndi mwezi ankathiramo chambiko, mafuta a mtedza, madzi a mandimu ndi manjano, n'kulitembenuza ndi makasu. Mvula yoyamba ikagwa, fungo lake limamubwererabe Tanaji mpaka kumuwawitsa mtima. Mwini malamulo onse anali mphunzitsi wawo, a Vastadi Dagadu, nkhalamba ya makutu opindikapindika imene sinkabwereza mawu. Wophunzira sankawayankha, ndipo sankawakhudza kupyola m'mawondo.

Chaka chimene analowa sukulu ya othandiza madokotala, Tanaji ankaganiza kuti akwanitsa zonse. Mbandakucha ankalima dzenje, kukwera chingwe, kunjuta kambirimbiri uku akutchula mafupa a munthu chamumtima, kenako n'kugwetsana ndi mnzake Hanmant. Akatero ankasamba, kugugudiza mkaka wa njati zoweta, n'kupalasa njinga kupita m'kalasi dothi likadali kuseri kwa makutu. M'kalasimo ankasinza mochititsa manyazi. Zinali zowawa, komabe akamakumbukira amati sanakhaleponso ndi moyo wokoma ngati umenewo.

"Mapanga awiri avumbwitsa, iwe," ankatero a Vastadi.

Sananame. Chaka chachiwiri Tanaji anayamba kuphunzira m'mawodi, anasamukira kogona ophunzira, ndipo talimu inayamba kumuona mwa apo ndi apo. Mayeso atapanikiza anajomba kutalimu milungu itatu yathunthu, akukhalira tiyi ndi zokazinga za pamsewu. Tsiku limene anatulukirako, Hanmant anamulandira pomumenya pamimba.

"Taonani adokotala afika! Aise, mimbayi ndi ya miyezi ingati? Tiyambe kusoka matewera?"

"Choka apa iwe. Tsiku lodzathyoka khosi udzandifuna."

A Vastadi sanaseke nawo. "Khasu lili apo," anatero. "Ukatha udzanditikite miyendo."

Tanaji analima dzenjelo ali wefuwefu ngati munthu woti sanagwirepo khasu. Atatha anagwada patsogolo pa benchi ya a Vastadi n'kuyamba kutikita, monga ankachitira kuyambira ali mwana. Pansi pa phazi lamanja anapezapo bala lalikulu ngati chivindikiro cha botolo, lomatidwa ndi dothi lofiira. Linkanunkha. Anadinikiza pambali pake ndi chala chachikulu, mwamphamvu ndithu, koma mkuluyo anangopitiriza kukalipira ogwetsana m'dzenjemo, osamva chilichonse. Mapazi otere Tanaji anali atawaona muwodi, a anthu odwala shuga, ndipo ankadziwa kuti akachedwa amathera podula mwendo.

"Vastadi, pepani. Balali layamba liti?"

"Kamsomali chabe. Dothi likuchita ntchito yake."

"Dothi silingathe, Vastadi. Tiyeni kuchipatala lero lomwe."

A Vastadi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka pamimba paja.

"Dothi ili lapoletsa mabala a anthu agogo ako asanabadwe. Nsidze yakoyo itang'ambika ndinamatapo chiyani? Lero wavala malaya oyera miyezi ingapo, wayamba kunyoza chimene chinakulera?"

Nsidzeyo inapoladi. Tanaji anangopempha kuti awasambitse phazilo, zimene wophunzira aliyense ankaloledwa. Analitsuka ndi madzi owiritsa, kenako anatenga cholembera m'thumba n'kujambula mzere kuzungulira pamene kufiira kwa khungu kunathera, monga ankachitira muwodi.

"Ndiye matsenga a kusukulu kwanuwo?" anafunsa Hanmant.

"Kufiiraku kukadumpha mzerewu, ndiye kuti zikukwera mwendo."

M'mawa mwake anajomba kalasi. Anapeza balalo alimatanso dothi latsopano, kufiira kutadumpha mzere ndi zala zitatu, mwendo ukutentha. A Vastadi ankanjenjemera atafunda bulangete, koma mawu anali omwe aja. Tanaji anawapempha atagwada. Anawauza za mwendo, osabisa. Iwo anakana kwamtuwagalu.

"Ndinalowa m'dzenje ili ndi miyendo yanga, ndidzatuluka atandinyamula. Pita ukakwere chingwe, ukundisokosa."

Tanaji anayang'ana anzake. Panali amuna khumi ndi awiri oti aliyense akanatha kunyamula ng'ombe, koma onse anazyolika. Iye ankawamvetsa. Chimene ankafuna kuchitacho chinali chisanachitikepo m'nyumba imeneyo.

"Hanmant, kaimitse rikisho pakhomo."

"Wapenga kodi? Akuthamangitsa, aise."

"Ndikudziwa. Pita."

Tanaji anagwira mapazi a mphunzitsi wake n'kudzikhudza pamphumi, kupepesa zinthu zisanachitike. Kenako anawalowa pansi, dzanja limodzi pakati pa miyendo, lina kugwira mkono, n'kuwaponya paphewa. Kanyamulidwe kameneko anamuphunzitsa ndi iwo omwe. Nkhalambayo inali yolemera ngati thumba la mchenga, ndipo miyendo ya Tanaji, imene inali itazolowera mpando, inkagwedezeka. Zibakera zinkamugwera pamsana.

"Nditsitse, galu iwe! Pamaso pa ana anga? Nditsitse!"

Sanawatsitse mpaka murikisho, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu. Njira yonse anawapanira pachifuwa, misozi ikumutsika, iwo akumutukwana mpaka mawu kusasa.

Madokotala anadula zala ziwiri, mwendo n'kutsala. Mkulu wa wodi anamuyamikira Tanaji pamaso pa ophunzira anzake, akuti akanachedwa masiku awiri nkhani ikanakhala ina. Iye sanamve kukoma kulikonse. Madzulo ake Hanmant anabwera kogona ophunzira kuja atanyamula kabokosi kachitsulo, muli zovala zogwetsanira ndi kapu yomwera mkaka.

"Akuti usadzapondenso kutalimu. Ndayesa kuwalankhula, aise, koma ukuwadziwa."

"Akudya bwino?"

"Akudya. Shuga akuba mobisa."

Anaseka onse awiri, kuseka kosafika pamtima.

Tanaji anatsiriza sukulu, anakhoza bwino, ndipo anagwira ntchito ku Kolhapur komweko zaka zambiri asanasamuke. Matalimu ena analipo, ena anamuitana, koma sanalowenso m'dzenje lililonse. Atafunsidwa lero, amanena mosazengereza kuti akhoza kuwanyamulanso. Amanenanso kuti amawasowa koopsa.

A Vastadi Dagadu anayendera phazi limenelo zaka khumi ndi chimodzi. Tauniyo si yaikulu, choncho ankakumana kawirikawiri, pamsika wa masamba kapena pafupi ndi kachisi. Nthawi zonse mkuluyo akamuona patali ankawolokera tsidya lina la msewu. Tanaji ankaima n'kumawayang'ana mpaka atawoloka, kuona ngati akutsimphina. Sankatsimphina.